Bokosi la Mng'ono Wanga

Ndine kalipentala. Ndimakhoma zitseko, mipando ndi mabokosi a maliro ku Navutika.

Tinabadwa awiri, ine ndi mng'ono wanga. Tonse tinabatizidwa Chikatolika kumudzi ku Kasenengwa. Iye atakula anapeza ntchito m'sitolo ya amwenye m'tauni, anakwatira mkazi wachiyao, n'kulowa Chisilamu. Amayi analira ngati wafa. Pambuyo pake anazolowera. Ankangodandaula kuti akapha nkhumba, mwana mmodzi sabwera.

Ine sindinamufunsepo. Tsiku lina tikutsitsa matabwa anayamba yekha. "Achimwene, Mulungu sindinasinthe. Ndi yemwe uja wa Abrahamu. Ayuda ndi inu munadzera kwa Isake, ife kwa Ismayeli. Bambo ndi mmodzi."

"Gwira bwino thabwalo," ndinatero.

Anamwalira m'chipatala m'mamawa, nyengo yotentha. Sanadwale nthawi yaitali. Nditamva ndinalowa mushedi, ndinatsitsa matabwa a mlombwa amene ndinkasunga, n'kuyamba kudula. Tepi sindinaifune. Msinkhu wake ndinkaudziwa.

Dzuwa lisanafike paliwombo bokosi linatha. Ndinapita nalo kunyumba ya maliro pangolo. Amayi anali komweko, popeza ndiwo ankadwazika. Analiponso akatekisiti a kutchalitchi kwathu, amene anabwera kudzatipepesa.

Alamu anga, alongo ake a mkazi wamasiye, ataona bokosi anayang'anana. Mmodzi anakaitana ashehe.

"Pepani bambo," anatero ashehe. "Ntchito yanu ndi yabwino. Koma ife sitiika m'bokosi. Timasambitsa, timakulunga m'nsanda yoyera, timaika lero lomwe."

Amayi anamva ali pamphasa. "Popanda bokosi? Mukamutaye ngati mbuzi yofa yokha, mkulu wake ali kalipentala?" Anatembenukira kwa ine. "Iwe, ukangovomera, ndikukwera basi tsopano lino. Maliro amenewa sindikhalapo."

Amayi sanena kawiri. Akanapitadi, ndipo pakhomo pa mpongozi wawo ndi adzukulu awo sakanapondanso. Komanso mng'ono wanga anaswali kumzikiti zaka zonsezo osadumphitsa. Bokosi sakanalifuna. Ndinangoima pakati, nyundo ili m'thumba.

Akatekisiti anagwada pafupi nawo. "Amayi, Ambuye Yesu nawonso sanaikidwe m'bokosi. Mwambo wa Ayuda unali nsalu. Anawakulunga n'kuwagoneka m'phanga dzuwa lisanalowe."

"Iwo aja ankadziwa kuti sakhalitsamo," anayankha amayi. "Wangayu akagonamo mpaka tsiku lomaliza."

Ashehe anatsokomola pang'ono. "Pa tsiku lomalizalo ndiye tikugwirizana, mayi. Ifenso timati akufa adzauka, adzaweruzidwa. Yesu timamulemekeza, kwa ife ndi mneneri ngati Mose. Tinasiyana poti inu mumati ndi Mwana wa Mulungu."

"Za maphunziro anuzo sindikufunsa, bambo. Ndikufunsa za dothi. Mukamuthira dothi kumaso."

Ashehe anakhala pansi n'kujambula ndi chala. Iwo akakumba manda, pansi pake amabowola kachipinda chammbali. Munthu amagona m'menemo, nkhope yake italoza ku Maka. Pakhomo pa kachipindako amatseka ndi mitengo kapena matabwa. Dothi limabwera pambuyo.

Amayi anayang'ana chojambulacho nthawi yaitali.

"Atate anga tinawaika chonchi," anatero. "M'mphasa. Mabokosi anabwera tili kale akuluakulu." Anatembenukira kwa ashehe. "Nanga atseka ndani? Akuti akazi sitipita kumanda kwanu. Ndidziwa bwanji?"

"Nditseka ine," ndinatero.

Ashehe anaganiza kaye. "Thupi tigoneka ife. Matabwa, mbale wake angathe."

Ndinayamba kuzula misomali. Bokosi limene ndinakhoma m'mawa ndinaliphwasula masana, anthu akuonerera. Mlamu wanga wamng'ono anabwera kudzagwira mbali ina.

"Alamu, mlombwa wonsewu ukalowe pansi? Tikanapeza mitengo wamba."

"Ukadzafa iwe tidzapeza mitengo wamba. Gwira apo."

Kumzikiti ine ndi akatekisiti tinaima kumbuyo. Ife tinavula zipewa, iwo anavala zawo. Anapemphera chiimire, popanda nyimbo, ndipo sanachedwe. Kenako anamunyamula pamachira, akulandirana mapewa njira yonse, akuyenda mofulumira. Munthu wina wosandidziwa anandikoka dzanja n'kundilowetsa pamzere. Ndinanyamula nawo. Anali wopepuka kuposa mmene ndinkaganizira.

Kumanda alamu anga anatsika, anamugoneka chakumanja, n'kutuluka. Ndinatsika ine. M'menemo munali mozizira. Nsanda inali yoyera, yomangidwa kumutu ndi kumiyendo. Ndinaika matabwa limodzilimodzi. Lomaliza linakana kulowa. Ndinaitanitsa sowo, ndinalidulira pabondo momwemo. Palibe anandifulumizitsa. M'mipata ndinamata dothi lonyowa, ndikukanikiza ndi chala. Ndinapapasa kuchokera kumutu mpaka kumiyendo, kenako ndinabwerezanso. Ashehe ananditambasulira dzanja n'kundikoka.

Titabwerako ndinapeza amayi atakhala okha kumapeto kwa mphasa, chikwama chawo chomangamanga chili pambali.

"Watseka?"

"Ndatseka."

"Wekha?"

"Ndekha."

"Mpata?"

"Palibe."

Anandigwira manja n'kuwatembenuza. Anaona dothi m'zikhadabo. Anamasula chikwama, anatulutsa korona, n'kupemphera mpaka kumaliza, akazi achisilamu ali pomwepo. Atatha anasendera pamene panali mpongozi wawo, ananyamula mdzukulu wamng'ono n'kumuika pamiyendo.

Anakhala pakhomopo mpaka tsiku la sadaka, chakudya chimene Asilamu amaphika pokumbukira womwalira. Mpunga anapeta okha.