Dizilo Wofiira wa Alamu Anga

Alamu anga, amuna awo a achemwali, anagula thirakitala asanapeze munda. Nthawi imeneyo ndinali nditangofika ku Leicester, ndikugona m'kachipinda kam'mwamba m'nyumba yawo ku Spinney Hill, ndipo ndinamva ndi makutu angawa akulengeza kuti kuyambira tsikulo tiziwatchula mlimi. Munthuyo ntchito yake inali yosanja makatoni kunyumba yosungiramo katundu. Khasu sanaligwirepo. Anakulira m'tauni ku Blantyre, ndipo mbewu ankakumana nazo zitafika kale pamsika.

Thirakitalayo inali kanthu kakang'ono kofwifwa, kampando kake kong'ambika. Anaigula kwa mzungu wina wokalamba woweta nkhosa kuseri kwa Oadby. Poti mumsewu wathu ngakhale njinga inkasowa poima, mzunguyo anawabwereka kangodya ka munda wake kuti thirakitala izikhala komweko, iwo azilimapo. Achemwali anakondwera. Kabichi anali atawakola, ankalakalaka mpiru, nkhwani ndi chimanga chootcha.

Pafamupo panali thanki yaikulu ya dizilo, ndipo anagwirizana kuti alamu azigula mafuta a thirakitala pomwepo. Dizilo wake anali wofiira ngati madzi otsukira nyama. Mzunguyo anafotokoza bwinobwino, ine ndili pompo, kuti boma limathiramo utoto pofuna kuzindikira mafuta amene lawachepetsera msonkho chifukwa cha alimi. Wofiira ndi wa m'munda, woyera ndi wa galimoto zapamsewu, basi. Alamu ankangogwedeza mutu ngati akumva. Titakwera vani yawo kubwerera kunyumba, anandiyang'ana pagalasi.

"Mlamu, wamumva mdala uja? Akubisa. Azungu sanena zonse. Wofiirayu ali ndi magazi. Woyera uja wa pafilingi siteshoni ndi wosungunula, wa anthu a m'tauni."

"Koma wanena kuti ndi utoto chabe."

"Iwe ukudziwa chiyani za injini?"

Iwo ankadziwa kuti injini imakhala kutsogolo.

Kuyambira pamenepo dizilo wofiira anasanduka uthenga. Tikaweruka kutchalitchi, anthu akumwa tiyi, alamu ankakola aliyense amene wachedwa kuthawa n'kuyamba kumuphunzitsa za mphamvu ya mafuta. Anagula ovololo yobiriwira ndi majombo, n'kumapita nazo kogula nyama kwa Amwenye a pakona, majombo ali mbee, osadziwa thope. Kumundako ankazungulitsa thirakitala kawiri katatu, pulawo ili m'mwamba, kenako n'kutsika kuti msana wayamba. Mizere yoyamba ya mpiru tinalima ndife, achemwali ndi ine, ndi makasu, thirakitala itaima pambali kutiyang'anira pamodzi ndi mwini wake.

Tsiku lina ndinawapeza kuseri kwa khola la nkhosa akuthira wofiira uja m'vani, chigubu chili paphewa. Achemwali anathamangirako.

"Bambo, mzungu uja ananena kuti umenewo ndi mlandu."

"Mlandu kwa anthu wamba. Ine ndine mlimi. Vani ya mlimi ndi chipangizo cha ulimi."

Pofuna kuti lamulo lawolo likhale ndi umboni, anaika khasu limodzi ndi thumba la manyowa kumbuyo kwa vani, ndipo zinthuzo sizinkatsikamo. Tinkapita kutchalitchi tikununkha nkhosa. Ankatinso vani yayamba kuthamanga ngati yatsopano. Ine ndinkaona ikutsokomola pachitunda chomwe chija inkatsokomola kale.

Loweruka lina m'chilimwe kunali ukwati wa anzathu a kutchalitchi, phwando lake ku holo ina ku Beaumont Leys. Achemwali ndi ine tinapatsidwa mbali ya mpunga ndi nkhuku. Tinaphika m'mamawa, tinavala zitenje zathu zofanana za ukwati, miphika tinakulunga m'matawulo. Alamu, atavala suti, anati tidutse kaye kumunda akathyole mpiru woti akaonetse anthu kuukwati. Tinawakaniza kuti nthawi yatha, koma chiwongolero chinali m'manja mwawo.

Pobwerera, tisanalowe mu Oadby, tinapeza apolisi akupatutsa mavani ndi malole pamalo oimikapo galimoto m'mbali mwa msewu. Anatikodola. Alamu anapatuka akumwetulira, akuti apolisi a kuno ndi aulemu. Koma amene anabwera pawindo anali mayi wa za misonkho, atavala jekete yachikasu, m'manja muli kapaipi kowonda ndi kabotolo. Anapempha kuti atsegule thanki. Analowetsa kapaipi kaja, napopa, ndipo m'kabotolo munakwera madzi otsukira nyama aja. Anakakweza m'mwamba kuti dzuwa liwalemo, ngati kuti ena tingatsutse.

Alamu anatulutsa Chingelezi chawo cha pa Sabata. Anafotokoza kuti iwo ndi mlimi, ndipo anatsegula kumbuyo kwa vani kuonetsa khasu ndi manyowa. Mayiyo anayang'ana khasu, anayang'ana tayi, kenako anayang'ana ife ndi miphika yathu pamiyendo.

"Ndiye mukuchokera kolima chonchi, bambo?"

Mayiyo anawauza modekha kuti ngakhale akanakhala ndi minda khumi, vani ndi galimoto yapamsewu ndipo imamwa dizilo woyera. Apa ndi pamene alamu anandionetsa chimene ali. Anatembenuka n'kuloza achemwali.

"Mwina ndi akazi angawa anasokoneza zigubu. Sadziwa kusiyanitsa."

Achemwali sankayendetsa galimoto, chitseko cha thanki sankadziwa n'komwe kuti chili mbali iti. Anatsika, anakonza duku, ananyamula mphika wa nkhuku n'kundiuza kuti, "Tenga mpungawo, tiye." Tinawasiya alamu akutambasula manja, vani italandidwa.

Tinayenda mpaka poimira basi. Tinakwera yopita m'tauni, n'kusinthira ina ya ku Beaumont Leys, msuzi ukudontha m'tawulo, anthu a m'basi akununkhiza m'mwamba. Ulendo wonse achemwali anangolankhula kamodzi, akuyang'ana pawindo: "Akuti ndine ndinasokoneza zigubu." Tinafika akwati atadya kale za ena. Alamu anatulukira madzulo pa takisi, mtolo wa mpiru wofota uli m'khwapa, n'kumauza anthu kuti vani yachita vuto la magetsi.

Vaniyo inabwerako atalipira chindapusa chimene sanatiuze kukula kwake, ndipo makaniko anachita kutsuka thanki ndi kusintha sefa kuti utoto uchoke. Munthu wina akanaphunzirapo. Alamu anangotembenuza ulaliki. Tsopano dizilo wofiira anali msampha wa boma wokolera anthu akuda, ndipo analumbira kuti sadzamukhudzanso, ngakhale m'thirakitala momwe lamulo limalola. Anayamba kugula woyera pafilingi siteshoni, wodula, n'kumapita naye kumunda m'chigubu, kudutsa pafupi ndi thanki ya mzungu uja nkhope atayang'ana kumbali. Thirakitala inamwa woyerayo osadandaula, monga inkamwera wofiira. Koma iwo anati yafooka, injini yazolowera magazi, ndipo kuilimitsa chonchi n'kuipha. Wofiira sangathire, woyera akuipha. Anapeza njira yoti asalimenso, ndipo anaipeza ndi nkhope ya munthu wozunzika.

Udzu utayamba kumeza munda, achemwali anapita okha kwa mzungu uja n'kumupempha kuti awaonetse poponda ndi pokoka pa thirakitala. Masana amodzi anakwana. Anathira wofiira pathanki, anatsitsa pulawo, ndipo pulawoyo inatembenuza dothi kwa nthawi yoyamba chigulireni thirakitalayo. Mizere yawo inali yokhotakhota, koma mpiru sufunsa zimenezo. Chaka chotsatira tinadya nkhwani mpaka kugawira anthu. Chimanga chokha ndicho chinatikana, chisanu chinachipeza chisanakhwime.

Alamu sanasiye kubwera kumunda. Ankaimika vani pachipata, hita ili yoyatsa, nyuzipepala ili pachiwongolero. Achemwali akamadutsa pafupi pa thirakitala, iwo ankatsitsa windo pang'ono, mpata wongokwana pakamwa.

"Giya yachiwiri, mayi! Ndati yachiwiri!"

Achemwali sankacheuka. Ndinawafunsa tsiku lina, tikuthyola nkhwani, ngati amawamva. Anaseka koyamba pa nkhani yonseyi.

"Ndimawamva bwinobwino. Ndikangoona windo likutsika, ndimawonjezera moto."