Mlandu wa Mawu Anga a Besi Pamaso pa Apongozi

Ndikulemba pofuna kudziwitsa onse okhudzidwa kuti m'zaka za m'ma 1970, pamene ndinkagwira ntchito yopima malasha pasikelo ku Wankie, ndinalinso ndi udindo wina wosalembedwa. Loweruka lililonse ku Lwendulu, komboni imene tinkakhala, ankationetsa bayisikopo. Popeza Chingerezi chake chinali chothamanga, ine ndinkakhala kuseri kwa chinsalu ndi chokuzira mawu, n'kumalankhulira anthu a m'chithunzimo m'Chinyanja ndi m'Chilapalapa, chilankhulo chosakaniza cha m'migodi. Mulungu anandipatsa mawu a besi, choncho zigawenga zinkandiyenera kwambiri. Mawu a akazi ndinkawachitanso ine ndemwe, koma mfundo imeneyi ndinkaibisa ndithu.

Itakwana nthawi yofunsira mbeta, ndinapita ndi atsibweni anga Lamlungu masana, nditavala jekete ngakhale kunkatentha koopsa. Atsibweni, monga ankhoswe, anandilangiza kuti ndisatsegule pakamwa. Koma mayi a mtsikanayo atandipatsa moni, ulemu unandikakamiza kuyankha.

"Ndili bwino, kaya inu mayi?"

Anaika kapu pansi n'kutembenukira kwa amuna awo. "Bambo ake, mwamumva? Ndi uja anatentha nyumba ya mayi wamasiye dzulo!"

"Mayi, chijatu n'chithunzi chabe," anatero atsibweni.

"Ndikudziwa, sindine mwana. Koma kuseka kuja sikunali kwa chithunzi. Munthu uyu ankamva kukoma. Mwana wanga sangakhale ndi woseka choncho."

Bambo a mtsikanayo anangoyang'ana kudenga. Ndinaona kuti pempho langa latsala pang'ono kukanidwa popanda apilo. Choncho ndinapempha chilolezo cholankhula, ndipo ndinaulula kuti mayi wamasiye amene analira uja ndinalinso ine.

"Bodza! Wolankhulira akazi uja ndi namwino wa kuchipatala, tonse tikudziwa. Ngati ndi inu, talirani timve."

Ndikuvomereza pano, mosakakamizidwa ndi wina aliyense, kuti ndinagwada pasimenti, ndinachepetsa mawu, ndipo ndinalira: "Mayo ine, nyumba yanga! Nanga nkhuku zanga zigona kuti?" Za nkhukuzo munalibe m'chithunzimo. Ndinaziwonjezera ndekha dzulo lakelo, ndipo mayi aja anazizindikira nthawi yomweyo. Mtsikana uja, amene ankamvetsera ali kukhitchini, anagwetsa mbale. Atsibweni anaphimba nkhope ndi chipewa.

Mayi aja anaseka mpaka kupukuta misozi ndi chitenje. Kenako anandilamula kuti ndibwereze kawiri, kuti anthu oyandikana nawo nyumba, amene anali atadzaza kale pawindo, amve bwino.

"Ankhoswe, tavomera," anatero. "Akadzamuopseza ndi besi, mwana wanga adzamukumbutsa za nkhuku."

Lolemba m'mawa, oyendetsa malole pasikelo ankandivulira chipewa n'kundifunsa mwaulemu ngati ziweto zanga zapeza pogona. Ukwati unadalitsidwa kutchalitchi chaka chomwecho, ndipo pankhani yonseyi sindinaperekepo dandaulo kwa aliyense.