Galimoto Inali Pansi pa Mtengo wa Mango

Linali Lachinayi, naini koloko m'mawa, pamene amayi anagwetsa beseni lawo loyera la mkombero wabuluu. Anagwira chitseko n'kunena kuti, "Kaitane azakhali ako." Ndinali ndi zaka zisanu ndi zinayi.

Chaka chimenecho boma linkasamuka kuchoka ku Zomba. Malole ankadutsa atasenza madesiki, fumbi lofiira n'kumatera pa zovala zimene tayanika. Abambo ankasamala maluwa ku Area 12, kwa bwana wa ku Rumphi wogwira ntchito ku Capital Hill. Ife tinkakhala m'kanyumba ka kuseri. Bwanayo ankakwera basi ya kuntchito, galimoto n'kuisiya pansi pa mtengo wa mango. Adona, akazi awo a bwanayo, ankadziwa kuyendetsa.

Azakhali, alongo awo a abambo, anali atabwera kuchokera kumudzi kudzadikira mwana amene amayi ankayembekezera. Ananditulutsa, n'kutseka chitseko. Ndinakhala pa njerwa, beseni lili pamiyendo. Dzuwa linafika pamutu, linapendeka, mwana osabwera.

Mawu a azakhali ndinkawamva bwinobwino. "Mlamu, mwana akakana kutuluka ndiye kuti munayenda panja. Tchulani dzina, njira itseguke."

"Palibe, alamu. Mulungu akuona, palibe."

Adona anamva kubuula, anabwera kudzafunsa. Abambo anavula chipewa. "Zonse zili bwino, dona." Anachita manyazi kuti za m'nyumba zimveke kwa mabwana. Sindiwada. Koma ndimakumbukira kuti anaima ndi paipi pa duwa limodzi mpaka panachita matope.

Lachisanu masana amayi anatchula dzina. Anatchula bambo wina wogulitsa makala, munthu amene ankangopatsana naye moni, kuti azakhali awasiye. Mwana sanabwerebe. Amayi atasiya kubuula, maso atatembenuka, m'pamene abambo anakagogoda kwa adona. Ulendo wa kuchipatala sunakwane ndi theka la ola lomwe.

Mwana anali atafa kale. Amayi anabwerako, koma mkodzo unkangotuluka wokha osaleka. Paliponse pamene akhala pankanyowa. Nsanza zawo ndinkachapa ine, m'beseni lomwe lija, n'kumayanika kuseri kwa mpanda kuti fungo lisafike kunyumba yaikulu. Chifukwa cha dzina lija abambo anawabweza kumudzi. Amayi anamwalira mvula isanathe.

Ine ndinkayesa kuti wamakala ndiye anawapha. Ndikamuona akukankha njinga yake ndinkathawa, iye n'kumadabwa. Sindinkadziwa kuti mutu wa mwana ungakule kuposa njira, kuti madokotala akanang'amba Lachinayi lomwelo, onse awiri n'kukhala ndi moyo. Ndinadzamva zimenezi kusikelo, ndili ndi pakati pa mwana wanga woyamba. Ndinatuluka panja, ndinakhala pansi.

Lero ndimagulitsa tomato kumsika wa Old Town. Mayi wapakati akayamba kugwira m'chiuno, sindifunsa za mwamuna wake kapena za akwawo. Ndimavundikira tomato ndi chitenje, n'kupita kumsewu kukaimitsa galimoto.