Nambala ya Anti Lorna

Anti Lorna amayendetsa basi ya sukulu kwathu ku Wisconsin, ndipo ine ndimakwera yomweyo. Akangotsitsa ana m'mawa, amasintha nsapato n'kuyamba kuthamanga mumsewu wa pakati pa minda ya chimanga, kaya kukuzizira, kaya agalu akuwauwa. Anyamata a mpando wakumbuyo, makamaka Colby wapakamwa uja, ankawaseka tsiku lililonse.

"Mayi Lorna, kodi mumathamanga ngati mmene mumayendetsera basiyi? Mudzafika pa Khirisimasi!"

Tsiku lina anti anaimitsa basi n'kutembenuka. "Ndikukathamanga hafu malathoni, mpikisano wa makilomita 21, ku Chicago. Mukaone dzina langa pa foni kuti ndamaliza, kenako mutseke pakamwa."

Eee, ku Chicago! Ndinachonderera mpaka ananditenga. Ankolo Duane, amuna awo, ndi amene ankayendetsa galimoto, akudandaula njira yonse kuti mumzinda mulibe poimika.

M'mawa wa mpikisano, anthu ake inu! Msewu wonse mitu yokhayokha, nyimbo, wina wavala ngati nthochi, ine kukamwa yasa. Koma mphepo yake, yolowa m'mafupa. Ndiye othamanga amavala juzi yakale pamwamba podikira, nthawi ikakwana amaivula n'kuiponya m'mbali mwa msewu, ndipo magalimoto amatola zonse kukapatsa osowa. Anti anagula yawo pa kaunjika, yachikasu, yaikulu ngati tenti.

"Bwerani kuno ndikumangireni nambala," anatero ankolo, mapini ali pakamwa. "Ionekere patali."

"Musandibaye, inu a manja a thirakitala."

Ndinawajambula akuseka, anti anandipatsa foni yawo kuti ndisunge, n'kumira m'chigulu muja.

Kuseri kwa nambala kumakhala kachipangizo kamene kamauza foni pamene munthu wafika. Ine ndi ankolo tinakaima pa mpanda wachitsulo pafupi ndi pomalizira, maso pa foni, kudikira kadontho ka anti kayambe kuyenda. Madontho a anthu ena akuyenda. Ka anti kali phee. Tinadikira, tinadikira. Colby anatumiza uthenga: "Anti ako agona?"

Ndinatsegula chithunzi chija kuti ndimutumizire, ndipo ndinachiyang'anitsitsa.

"Ankolo... nambala ija mwaimangirira pa juzi."

Anayang'ana chithunzi, anayang'ana ine. "Juzi yotaya ija?"

Ndinafuna kuwaimbira anti, foni yawo ili m'thumba mwanga momwemu. Ankolo anafuna kuthamangira koyambira, misewu yonse yotseka. Anafunsa wapolisi, iye n'kuti zovala zatengedwa kalekale, milu ndi milu. Tinabwerera pa mpanda paja. Ankolo anangogwira chitsulo. Ine ndinkawombera m'manja anthu osawadziwa chifukwa manja analibe china chochita.

Kenako ndinawaona! Malaya abuluu, nkhope psuu, miyendo ikukokedwa koma ikuyendabe. Anti anga! Ndinakuwa mpaka mawu anatha. Pomalizira panali pompo, chikwangwani chikuoneka bwinobwino, anthu akulandira mamendulo kuseri kwake.

Bambo wina woyang'anira mpikisano, wa malaya a olenji, anatulukira kutsogolo kwawo, manja atatambasula.

"Pepani mayi, opanda nambala sadutsa apa."

"Bambo, nambala ndili nayo, kungoti yapita ndi juzi!"

"Ndamva, mayi, koma anthu ozembera achuluka. Tulukirani uku."

"Ndi mkazi wanga uyo!" anakuwa ankolo. "Wolakwa ndine!" Koma phokoso lake, ndani akanamva?

Anti anatulukira pakampata ka mpanda, n'kudzakhala pansi pafupi nafe, akupuma mwawefuwefu.

"Ndinazindikira ndili kale panjira," anatero. "Ndikanabwerera bwanji, anthu onsewo akundikankha kumbuyo?"

"Lorna, ine..."

"Khalani chete, a Duane. Ndipatseni jekete, ndazizidwa."

Pobwerera ankolo sanadandaule za kalikonse. Ine ndinayang'ananso pa foni. Pa dzina la anti panalembedwa kuti sanayambe.

Lolemba m'mawa basi inabwera pa nthawi yake. Pa sukulu anti anatsika kukathandiza kamwana kena kamene chikwama chake chinakodwa pachitseko, ndipo pokweranso anagwira chitsulo ndi manja awiri, mwendo umodzi, kupuma, kenako winawo.

"Mayi Lorna," anatero Colby atakweza foni, "apa akuti simunayambe n'komwe."

Anti anakhala pampando wawo pang'onopang'ono, akuluma mano.

"Tsika, Colby. Belu lalira."