Wailesi ya Abambo Inagona Milungu Iwiri Kuboma

Zaka zimene makuponi a fetereza anali atangoyamba, ife tinali matenanti pa esiteti ina ya fodya kwa Chulu. Makuponiwo tinkangowamvera pa wailesi, poti mayina athu anatsala m'kaundula wa kwathu ku Phalombe. Kwathuko kunatsalanso azakhali, alongo awo a abambo amene anawalera, ndipo chaka chimenecho anali chigonere. Foni tinalibe. Choncho ikakwana nthawi ya mauthenga achisoni, abambo ankasiya kusoka fodya n'kukhala pakhomo la chigafa, wailesi ili pakhutu. Pulogalamu ikatha osamva dzina la mudzi wathu, ankausa moyo n'kunena kuti, "Alipo. Lero alipo."

Ine nthawi imeneyo ndinkapalasa njinga Loweruka lililonse kupita kuboma, kumene mpingo wina unatsegula kachipinda kophunzirira zamagetsi. Aliyense ankaloledwa. Munali matebulo awiri, zitsulo zowotcherera zitatu, ndi mita imodzi yoyezera magetsi, yachikasu, ya nthambo ziwiri, yofiira ndi yakuda. Tinkailimbirana anthu khumi ndi awiri. Mtsikana ndinali ndekha, ndipo ndisabise, ndinkadzimva. Mphunzitsi wathu, mkulu wina wopuma pantchito yokonza matelefoni, anali ndi lamulo limodzi: usamasule chilichonse usanayeze.

Tsiku lina wailesi inangoti zii. Abambo anachita zimene ankachita nthawi zonse. Anatulutsa mabatire, kuwayanika padzuwa, kuwaluma pang'ono m'mbali, kuwabwezera. Sinalankhule. Anayamba kufunafuna kapepala konyezimira ka m'paketi ya ndudu kuti apanikizire mabatirewo. Ine ndinaseka.

"Ababa, zimenezo n'zachikale. Ndipatseni ndikaiyeze ndi mita."

"Ibwera liti?"

"Loweruka lomweli, dzuwa lisanalowe."

Anaikulunga okha m'nsalu, n'kuimangirira pakaliyala wa njinga.

Loweruka limenelo mita inali ndi mzere. Anyamata anabwera ndi matochi ndi machaja awo, ndipo ine kudikira kunandikwana. Ndinatsegula wailesi ija, ndinaona kachipangizo kena kakuda kamene sindinakakhulupirire nkhope yake, n'kukagunditsa chitsulo chamoto kuti ndikachotse. Chitsulocho chinakhalitsa. Panatuluka kautsi, ndi fungo limene mpaka lero silinandichoke m'mphuno.

Mphunzitsi anabwera, osakalipa. Anatenga mita, kugunditsa nthambo ziwiri zija pamene pamakhala mabatire, n'kundionetsa manambala. Kenako anapala kasipuling'i ka pamenepo ndi mpeni. Linali dzimbiri basi.

"Mwana wanga, vuto linali ili," anatero. "Koma chimene mwawotchachi muno tilibe. Ndiitanitsa ku Lilongwe."

Kunyumba ndinanama kuti wailesi yapezeka ndi matenda aakulu. Abambo anangogwedeza mutu. Masiku oyamba ankapita kukamvera kwa kapitawo wa esiteti, koma kapitawoyo ankakonda nyimbo, ndipo munthu wamkulu sangamaime pakhomo pa mnzake tsiku ndi tsiku kudikirira maliro. Anasiya. Nthawi ya pulogalamu ikakwana ankangosoka fodya, maso ali kunjira.

Kachipangizo kaja kanafika patatha milungu iwiri. Ulendo uno ndinadikira mita, ndinayeza paliponse, ndinawotcherera mosamala, wailesi n'kulankhula bwino kuposa kale. Pobwerera ndinapalasa njinga ndikuimba.

Pachigafa ndinapeza pali mlendo, bambo wina wakwathu amene anali tenanti pa esiteti ina kwa Chisemphere. Anali atabwera kudzapepesa maliro. Iye uthengawo anaumva masiku khumi m'mbuyomo. Anati a pawailesi anauwerenga kawiri, kutchula dzina la abambo ndi la esiteti yathu, kuti apite msanga alongo awo atisiya. Mlendoyo ankaganiza kuti abambo apita kale n'kubwerako. Tinamva pambuyo pake kuti kumudzi anadikira masiku awiri, kenako anaika.

Ndinaima chomwecho, wailesi ili m'manja. Abambo anandiyang'ana, maso ali ofiira.

"Yachira?"

"Yachira, ababa."

"Chabwino."

Anailandira, kuipukuta fumbi ndi mkono wa malaya, n'kukaiika pawindo. Sanandikalipire, ndipo zimenezo n'zimene zimandiwawa koposa. Akanandimenya bwenzi nditaiwala.

Lero anthu amabwera ndi mawailesi ndi mafoni pakhonde langa, ena kukwiya kuti ndimachedwa ndi kuyezayeza. Ndimangowasiya alankhule. Abambo ndinakhala nawo zaka zina zingapo, koma sindinawaonenso akutsegula wailesi nthawi ya mauthenga achisoni. Anamwalira ndisanawauze kuti linali dzimbiri chabe, loti kapepala kawo ka ndudu kaja kakanathana nalo tsiku lomwelo.