Maina Anayi Kuseri kwa Chithunzi

Inu owerenga, pali munthu amene ndinamutsekeretsa m'ndende zaka zinayi. Sitinayambane, sanandilakwire, ndipo anali mnzanga woyamba mumzinda wa Mzuzu. Ndinamupweteka ndi cholembera changa, chifukwa chongofuna kudzitama kwa achimwene anga kuti nanenso ndapeza anthu ondikonda.

Inali nthawi ya chipani chimodzi. Kampani imene ndinkagwirako ntchito yotaipa makalata inandisamutsa ku Limbe n'kunditumiza ku Mzuzu. Achimwene anga, amene ndinkakhala nawo ku Limbeko, anandiseka kuti kumpoto sindikatha miyezi itatu, ndikabwerako ndi misozi. Anatsala pang'ono kulondola. Ndinkachita lendi kachipinda ku Mchengautuwa, kuzizira kwake kosanena, ndipo Chitumbuka chimene ndinkadziwa chinali yewo basi. Ndikaweruka ndinkangoyang'ana khoma.

Chimene chinandipulumutsa ndi kwaya ya kutchalitchi. Kumeneko ndinadziwana ndi a Longwe, mphunzitsi wapulayimale wokhala ku Katoto, munthu wofatsa, kwawo kunyanja cha ku Chintheche. Panalinso Tiwonge, telala amene a Longwewo ankafuna kumanga naye banja, ndi Fiskani, dalaivala wolongolola amene ankayamba kuseka nthabwala yake asanaimalize n'komwe. Atamva kuti ine chibadwire nyanja ndinali ndisanaionepo, anagwira pakamwa ngati ndaulula tchimo. Anapangana zonditengera kunyanja pa tchuthi cha Pasaka. Fiskani anapempha pikapu kwa abwana ake, ine ndinabwereka kamera kwa mnzanga wa kuntchito.

Ulendowo unali wokoma, sindinganame. Titatsika mapiri, juzi imene ndinavala ku Mzuzu inasanduka chilango. Ku Nkhata Bay tinaonerera sitima ikutsitsa anthu ndi matumba a chinangwa, tinadya nsomba ya batala yowotcha, ndipo kondowole, nsima ya chinangwa ija, anandikakamira pakhosi mpaka Fiskani anagwa pa benchi ndi phwete. M'madzi ndinkalekezera m'mawondo anzanga akusambira ngati anabadwira momwemo. Tsiku lachiwiri tinadutsa m'minda ya rabala kupita ku Chintheche, kumene mchenga wake unkathobwa m'maso masana. Tinkaimba nyimbo za kwaya kumbuyo kwa pikapu, fumbi lili m'kamwa. Ndinali wosangalala kuposa mmene ndinakhalirapo m'moyo mwanga.

Tsiku lachitatu a Longwe anati tipatuke tikaone azakhali awo, amene iwo ankawatchula kuti ankhazi. Anali mayi wokalamba wa maso ofooka, wokhala yekha. Titatha kudya, mayiwo analowa kuchipinda n'kubwera ndi envulopu imene ankaisunga m'kati mwa pilo. A Longwe anatiyang'ana tonse mmodzimmodzi, kenako anayamba kuwawerengera chapansipansi m'Chitonga. Ine sindinkamva kanthu. Tiwonge ndiye anandinong'oneza kuti kalatayo yachokera kwa mwana wa mayiwo, amene anathawira kunja kwa dziko zaka zambiri m'mbuyomo ndipo boma linkamutchula kuti chigawenga. Inabwera pamanja kudzera kwa asodzi, ndipo inakhala m'pilomo mwezi wathunthu kudikira munthu wokhulupirika woti awawerengere.

Atamaliza, a Longwe anati, "Abale anga, zimenezi zathera pompano. Yewo chomene." Tonse tinavomera, ine woyamba.

Tisananyamuke, mayi aja anapempha kuti ndiwajambule. Anavala duku lawo la kutchalitchi n'kukhala pansi pa mtengo wa mango, atatu aja ataima kumbuyo kwawo. Ine m'chithunzimo mulibe, poti ndine ndinagwira kamera.

Titabwerera ku Mzuzu ndinakatsukitsa zithunzi, ndipo ndinakumbukira chipongwe cha achimwene chija. Ndinati lero aona. Ntchito yanga inandizoloweza kulemba chilichonse mokwanira, dzina, udindo ndi keyala. Choncho kuseri kwa chithunzi chija ndinalemba maina onse anayi, ntchito ya aliyense ndi kumene amakhala. Ndinawalemberanso achimwenewo kalata ya masamba anayi yofotokoza za sitima, za batala ndi za mchenga. Pa tsamba lomaliza ndinawonjezera kuti anthu akuno amandikhulupirira kwambiri moti anawerenga pamaso panga kalata yochokera kwa munthu wothawa boma.

Inu owerenga, musaganize kuti ndinali mbuli. Aliyense ankadziwa kuti makalata amatsegulidwa panjira. Inenso ndinali nditalandirapo envulopu yomatidwa kawiri. Koma ndinkati ndani angataye nthawi ndi kalata ya kakalaliki ngati ine.

Patatha masabata awiri, galimoto inaima pasukulu ya a Longwe m'mawa n'kuwatenga ana akuona, choko chili m'manja. Sabata yomweyo amuna awiri ovala wamba anandipeza kuntchito. Ananditengera m'chipinda china mmene munali tebulo limodzi, ndipo patebulopo panali kalata yanga ndi chithunzi chija chitatembenuzidwa. Sanandimenye, ngakhale kundikalipira. Anangondiuza kuti ndiwerenge tsamba lomaliza mokweza, ndipo ndinawerenga. Anandifunsa ngati dzanjalo linali langa, ndinavomera. Mmodzi anati ndimalemba bwino, kenako anandiuza kuti ndizipita.

Ndinabwerera kuntchito nthawi ya nkhomaliro isanakwane. Ndinataipa makalata atatu amene anatsala osalakwitsa ngakhale chilembo chimodzi. Ndinamwa tiyi. Ndinkadikira kuti mwina ndilira kapena ndichita mantha, koma m'kati mwanga munangoti zii, ngati mwendo umene waukhalira nthawi yaitali. Ndi mmene ndakhalira kuyambira tsiku limenelo.

Tiwonge ndi Fiskani anafunsidwanso mafunso n'kumasulidwa, koma iwo kalata yangayo sanawaonetse. Ndiye anthu anayamba kufufuza okha kuti waulula ndani. Sanavutike kupeza. Fiskani anali wapakamwa, komanso mlamu wake anali ndi udindo m'chipani. Ine ndani akanandiganizira, mlendo wamanyazi wosamva n'Chitonga chomwe? Tiwonge anandifunsa pakhomo pa tchalitchi, maso ali psuu, kuti, "Achimwene, inu mukuona kuti ndani?" Ndinayankha kuti kaya.

Ku kwaya anthu anasiya kukhala benchi limodzi ndi Fiskani. Abwana ake anamuchotsa ntchito poopa kuti pikapu yawo yatchulidwa m'nkhani yoopsa. Loweruka lina anabwera kwanga ku Mchengautuwa, nthabwala zonse zitamuthera. Anati, "Iwe mnyane, ukundidziwa. Ndimalongolola, inde, kweni ningachita ichi yayi." Ankatanthauza kuti iye sangachite zoterozo. Ndinamuphikira tiyi, ndinamuthirira shuga, n'kumuuza kuti alimbe mtima. Anandithokoza potuluka.

A Longwe anatuluka patatha zaka zinayi, osazengedwa mlandu uliwonse. Anabwera ataonda, mano akutsogolo palibe, ndipo ntchito ya uphunzitsi sanawabwezere. Tiwonge anadikira zaka zitatu, kenako abale ake anamukakamiza kukwatiwa ku Karonga. Azakhali aja anamwalira chaka chachiwiri, ndipo akuti pamaliro pawo panafika anthu ochepa chifukwa ambiri ankaopa kuonedwa.

A Longwe anandifunafuna okha mpaka kundipeza kuntchito. Ndinkaganiza kuti tsiku langa lakwana, koma ngakhale pamenepo mtima sunagunde. Tinakhala pa khonde, ndipo anandifunsa kuti, "Chithunzi chija cha ankhazi mukali nacho? Ndilibe chilichonse chondikumbutsa nkhope yawo." Ndinawauza kuti chinasochera posamuka nyumba. Filimu yake ndinali nditaitentha kalekale. Anandigwira dzanja n'kunena kuti, "Palije suzgo, palibe vuto. Pa anthu onse aja, inu nokha ndiye simunandisinthire."

Ndinagwedeza mutu. Pamenepo mpata unalipo, ndipo ndinaulola kudutsa. A Longwe anamwalira akugulitsa mabuku akale pamsika, akukhulupirirabe kuti anawapereka ndi Fiskani.

Inu owerenga, nthawi ija inapita, koma khalidwe langa lija ndimalionabe mwa anthu ambiri. Mukapeza anzanu atsopano n'kupita nawo kokayenda, akakulowetsani m'nyumba za abale awo, dziwani kuti si zonse mwaona zimene zili zanu zoti mukasimbe. Zithunzi za nyanja onetsani, za nsomba kambani, koma chinsinsi cha mwini chisiyeni pamene mwachipeza. Musagule ulemu kwa abale anu ndi nkhani ya munthu wina. Ndipo mukalakwa, ululani tsiku lomwelo, wina asanasenze mlandu wanu. Ine ndinkati ndinena mawa, ndipo tsiku lililonse limene ndinakhala chete linapangitsa lotsatira kukhala lovuta koposa.

Fiskani akadali moyo. Ndi nkhalamba tsopano, amakhala kwa mwana wake ku Geisha, ndipo achikulire ena akamuona amatsitsabe mawu. Ndikamadutsa pamsewu wa kwawo amandikwezera dzanja n'kundiitana kuti ndikamwe tiyi, ndipo nthawi zina ndimapita. Maina amene ndatchula m'nkhaniyi ndawasintha onse, luso limene ndinaliphunzira mochedwa. Ine amene ndinalemba maina anayi a anzanga mosamala, ndi ntchito zawo ndi kumene amakhala, langa ndalephera kulilemba pansi pa nkhaniyi.