Mpando Wakumbuyo wa a Icilda

Ku Christiana kuno ukafunsa za a Lenworth Pusey, anthu sayamba ndi nkhope yawo, amayamba ndi galimoto. Zaka makumi atatu ndi zinayi anayendetsa takisi ya nambala yofiira, nambala imene imaikidwa pa galimoto zololedwa kunyamula anthu, ndipo sanagundepo ngakhale nkhuku. Tisabisane, anali munthu wotopetsa. Wokwera akakana kumanga lamba, iwo ankazimitsa injini n'kutambasula nyuzipepala mpaka munthuyo atamanga.

Akazi awo, a Icilda, ankagulitsa zilazi ndi jinja pamsika mpaka impso zawo zitafooka. Kuyambira pamenepo, Lolemba, Lachitatu ndi Lachisanu ankapita kuchipatala ku Mandeville kukatsukitsa magazi pamakina. Madokotala anawalumikiza mitsempha pamkono wamanzere, polowera masingano, n'kuchenjeza kuti mkonowo usapanikizidwe kapena kugundidwa, chifukwa moyo wawo wagona pamenepo. A Lenworth anakhazikitsa lamulo tsiku lomwelo: mayi azikhala kumbuyo kwa dalaivala, lamba azidutsa paphewa lamanja, mkono wodwalawo uzigona pakamtsamiro pakati pa mpando. Anayenda choncho zaka zinayi osajomba.

Kenako maso a bambowo anayamba kuchita chifunga. Tsiku lina mbuzi anaiona itafika kale pabampala. Sanaigunde, koma atafika kunyumba anapachika makiyi pamsomali, ndipo sanawatengenso. Analira kuseri kwa thanki la madzi poganiza kuti palibe akumva, koma a Icilda anamva ali kukhitchini.

Ndiye awanyamule ndani?

Woyamba kubwera anali Oniel, mwana wa mlongo wa a Lenworth, bambo wa ana atatu amene ankanyamula anthu mozemba pa galimoto ya nambala yoyera. Anafika nyimbo zili gugugu.

"Malume, mukuvutikiranji ine ndilipo? Anti Cilda ndi mayi anga awa, ndiziwatenga ine."

A Lenworth anagwada n'kupapasa matayala ndi zala. "Tayala ili likuposa dazi langa kusalala. Nanga nambala yako ndi yamtundu wanji?"

"Aaa malume, utoto wa nambala ndi umene umayendetsa galimoto?"

"Suyendetsa ayi. Koma ukachita ngozi, a inshuwalansi adzafunsa utoto womwewo, chifukwa pepala lako silidziwa kuti umanyamula anthu. Ndipo apolisi akailanda panjira, anti ako uwasiya pamsewu magazi asanatsukidwe?"

Oniel anachoka atatupa, ndipo mayi ake anatha milungu iwiri osawapatsa moni a Lenworth kutchalitchi. Zinawapweteka, poti mwanayo ankamukonda, koma sanasinthe maganizo.

Mlungu umenewo a dikoni a kutchalitchi kwawo anadzipereka kunyamula a Icilda, uku a Lenworth akusakasaka kampani ya galimoto zahayala. Yoyamba inali ndi foni yokha. Atafunsa kumene kuli ofesi, mnzawo wa pafoniyo anangoti, "Tili paliponse, bwana." Iwo anayankha kuti munthu wokhala paliponse sapezeka zinthu zikavuta, n'kudula. Yachiwiri inatumiza galimoto ya nambala yofiira ndithu, koma a Icilda atayang'ana baji ya dalaivala anaseka. "Wa pachithunziyu ngwamakutu aakulu, Len. Uyu ndi munthu wina." Anali mlamu wake wa mwini baji.

Loweruka m'mawa kunabwera a Verona Gayle, mayi wojintcha, mwini kakampani ka galimoto ziwiri kuseri kwa msika. Asanafunsidwe n'komwe anatulutsa mapepala onse: laisensi yonyamulira anthu, inshuwalansi, chiphaso choti galimoto inayesedwa, ndi baji yawo. A Lenworth analandira pepala la inshuwalansi, n'kulifikitsa pamphuno, n'kumagwedeza mutu ngati munthu amene akuwerenga. Pepalalo anali ataligwira chadodolido.

A Verona anaona, a Icilda nawonso anaona.

"Mass Len, zilembo za masiku ano n'zazing'ono ngati nyerere, ngakhale ine zimandizunza," anatero a Verona, powatchula mwaulemu monga timatchulira akuluakulu kuno. "Bweretsani ndiwerenge mokweza, mayi aziyang'ana ngati ndikunama."

Anawerenga lonse, mpaka tsiku lothera ntchito. A Lenworth anadziwa kuti awabisira manyazi, ndipo mtima wawo unafewa, koma nkhope anailimbitsabe. Anazungulira galimoto akupapasa matayala onse anayi ndi lapadera lomwe, anakoka malamba, anaponda buleki. Kenako anati akufuna ulendo woyesa, iwo okha.

Anakhala kutsogolo n'kutsinzina. Msewu umenewo sankafunikira maso, unali m'msana mwawo. Ankadikira kutsetsereka kwa Shooters Hill, pamene madalaivala aphuma amapsereza mabuleki. A Verona anatsitsa giya asanayambe kutsika, galimoto n'kumangoyenda mwaulemu. Pa dzenje lakale la pakona anazemba osagwedeza munthu. Pobwerera a Lenworth anasowa cholakwika chenicheni, ndiye anadandaula kuti hutala ikulira ngati mbuzi yachimfine.

"Ndiye mwandikana?" anafunsa a Verona.

"Lolemba mufike hafu sikisi. Osati mphindi imodzi kupitirira."

Lolemba anadzuka kusanache bwino, n'kusita malaya awo oyera a kuntchito. Galimoto itafika anatuluka ndi kamtsamiro kaja kukhwapa, n'kuyamba kuphunzitsa: mayi amakhala apa, lamba amadutsa apa, pobwerera amakhala ofooka ndiye musawayankhulitse kwambiri, ndipo akamati sakumva kuzizira ndiye kuti akunama. A Verona anamvetsera zonse ngakhale zina anali atazimva kale kawiri.

Atakhazika akazi awo, a Lenworth anatsegula chitseko chakutsogolo kuti azikayang'anira mayendedwe.

"Mukupita kuti kodi?" anafunsa a Icilda.

"Kutsogolo. Pafunika munthu woona msewu."

"Woona msewu ndinuyo? Bwerani kuno, nkhalamba inu. Zaka zinayi ndakhala ndikucheza ndi nkhongo yanu. Ndimaidziwa kuposa nkhope."

A Lenworth anaima atagwira chitseko. M'moyo wawo wonse wauchikulire anali asanakhalepo kumbuyo kwa galimoto, ndipo anachita mantha ngati kuti akakhalako ndiye kuti ntchito yawo padziko yatha. Anatseka chitsekocho pang'onopang'ono, n'kukalowa kumbuyo, kumanzere kwa akazi awo.

A Icilda anachotsa kamtsamiro kaja n'kukaponya pawindo lakumbuyo, mkono wodwalawo n'kuugoneka pamiyendo ya amuna awo. A Lenworth anaufungatira ndi manja onse awiri, mosamala. Pamene panalumikizidwa mitsempha paja magazi ankanjenjemera pansi pa khungu, nthawi zonse amatero, koma iwo anali asanakhalepo ndi manja opanda chiwongolero kuti amve bwinobwino.

"Ikulira bwino injini imeneyi," anatero chapansipansi.

"Ndiye muigwire bwino, dalaivala."

A Verona anayang'ana pagalasi n'kufunsa ngati onse amanga malamba. A Lenworth, kwa nthawi yoyamba chibadwire, anali ataiwala wawo.